Chopukusira cha galamafoni ya agogo chapangidwa ku Kalingalinga

Galamafoni yathu ndi ya His Master's Voice, ija ya chithunzi cha galu, ndipo agogo anaigula akugwira ntchito ku migodi ku Kitwe. Chopukusira chake chinatayika pomwe tinkasamuka ku Katete. Kuyambira pamenepo inangokhala pamwamba pa kabati kuno ku Chilenje, kudya fumbi.

Ndinayamba ndapita kwa owotcherera zitsulo awiri. Onse anati angowotcherera chitsulo chopinda pompo n'kuthana nazo. Ndinakana, chifukwa akatero bokosi silitsekekanso, komanso moto ungawononge za m'kati.

Bambo amene anandithandiza ali ndi kashopu kosula zitsulo ku Kalingalinga, chakufupi ndi msewu wa Alick Nkhata. Sanathamangire kutchula mtengo. Anamasula thabwa la pamwamba, nayang'ana pomwe chopukusira chimalowa, n'kundiuza kuti, "Amayi, mazinga awa ndi a mainchesi, achingelezi akale. Mukakakamiza bawuti ya mamilimita ya masiku ano, mwapha zonse." Anayeza kawiri, nalemba papepala. Anayezanso kutalika, kuti dzanja lisamakhule m'mbali mwa bokosi popukusa. Ine zimenezo sindikanaziganiza n'komwe. Chogwirira anasema cha mukwa, ndipo chimazungulira chokha bwinobwino osatupitsa chikhatho.

Ananditengera K450, kuphatikizapo kupukuta girisi wakale yemwe anauma gwa ngati phula. Sipuling'i sanaitsegule. Anati ikadali yamoyo, koma ndizipukusa pang'onopang'ono ndipo ikayamba kulimba ndizilekera pomwepo.

Zodandaula zilipo. Anandilonjeza masiku 5, koma anatha masabata atatu, foni osayankha, mpaka ndinapitako kawiri pa minibasi. Chitsulocho sanachipake kanthu, moti mvula itangoyamba chinaonetsa dzimbiri, ndipo pano ndimachipukuta ndi mafuta a makina osokera. Singano alibe, musavutike kufunsa. Zathu zatsala zochepa m'kachitini, chonsecho singano yachitsulo imafunika kusintha mbale ya nyimbo ikangotha, apo ayi imadya mbaleyo.

Lamlungu tinaika mbale ya 78 (zija zozungulira ka 78 pa mphindi) ya woimba Alick Nkhata yomwe agogo ankaisunga m'nsalu. Amayi anga, omwe ali ndi zaka 81, anaimba nawo mpaka kumapeto, kenako anati ndipukusenso. Ndimupatsa nyenyezi 4 mmisiriyu, ndipo mwezi wamawa ndimutengera loko wa chivundikiro yemwenso anathyoka.