Nkhonya kapena zogwetsana za WWE?

Mwana wa mlongo wanga wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, wakula thupi ngati mlambe, ndiye akuti akufuna ntchito yogwetsana ngati ya pa WWE, kampani ya masewera ogwetsana a pa TV. "Malume, ndalama zili kumeneko," amatero uku akufufumitsa mikono.

Ziliko ndithu, koma kutali. Sukulu ya WWE ili ku Orlando, ku America. Kumeneko wopambana amadziwika masewera asanayambe, choncho luso lake ndi kugwa bwino, kulankhula pa kamera ndi kusangalatsa anthu sabata ndi sabata, msana ukuwawa. Kofi Kingston, wobadwira ku Ghana, adadikira zaka 11 asanatenge lamba wamkulu mu 2019, komanso iye adakulira ku America komweko.

Nkhonya zili pakhomo pompano. Dera la Mbare, mu Harare momwemo, lidatulutsa katswiri wa nkhonya Proud "Kilimanjaro" Chinembiri, ndipo Charles Manyuchi wa ku Zimbabwe komweko adakatenga lamba wa WBC Silver, wa bungwe la nkhonya la padziko lonse, ku Russia mu 2016. Kungoti chibakeracho n'chenicheni, mphuno ikathyoka yathyoka, ndipo malipiro a oyamba kumene sagula ndi ufa wa mwezi.

Ine ndamuuza ayambe nkhonya, ndalama ya kombi yopita ku Mbare ndidzimupatsa. Mayi ake, mlongo wanga, sakundilankhula mpaka lero.