Nkhani ndamaliza, nditumize kuti? Njira zitatu, imodzi inandidyera ndalama

Sabata ino yokha anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi: "Achimwene, nkhani ndamaliza, ndiye nditumize kuti?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, bola ndiyankhe kamodzi. Njira zimene ndaziyesa ndi zitatu: nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, mpikisano wa nkhani zazifupi wa mayiko a Commonwealth wotchedwa Commonwealth Short Story Prize, ndi mabuku aja osonkhanitsa nkhani za alembi ambiri amene amati ulipire kaye asanawerenge. Ndisabise, njira yachitatuyi ndili nayo chakukhosi.

Kunyuzipepala ndiye kusukulu. Malawi News ndi Weekend Nation akhala akutulutsa nkhani zazifupi kwa zaka zambiri, ndipo sulipira kalikonse potumiza. Malo ndi ochepa, choncho ukalemba zambirimbiri mkonzi amadula yekha, ndipo umaphunzira msanga kuti ndime yako yoyamba ija yofotokoza kutuluka kwa dzuwa inali yosafunika. Ukachedwa sabata ino, palibe maliro, Loweruka lina likubwera. Chokoma china n'choti owerenga ndi anthu akwanu: azakhali anga anasunga tsamba limene panali nkhani yanga yoyamba mpaka linachita chikasu. Koma dziwani ichi musanatumize: nkhani ikatuluka m'nyuzipepala, ku Commonwealth yapsa, chifukwa kumeneko amafuna yosasindikizidwa. Ndiye nkhani imene mukuidalira kwambiri musaithamangitse.

Commonwealth nayo ndi yaulere. Amatsegula pa 1 Seputembala n'kutseka pa 1 Novembala, amafuna mawu pakati pa 2,000 ndi 5,000, nkhani imodzi munthu mmodzi. Wopambana m'chigawo, monga cha Africa, amalandira mapaundi 2,500, wopambana onse 5,000, ndipo nkhani za opambana m'zigawo zakhala zikutuluka pa tsamba la pa intaneti la Granta, magazini ya zolembalemba ya ku Britain. Vuto ndi kudikira. Umatumiza mvula isanagwe, yankho n'kubwera chimanga chitauma m'munda, ndipo nthawi yonseyi nkhani ili pa chikole, ikupikisana ndi zina zikwizikwi. Kwa ife olemba Chichewa palinso chopweteka: Chiswahili amalandira momwe chilili, koma chathu chimayenera kumasuliridwa kaye m'Chingerezi. Ndinakhalapo masiku awiri ndi mawu oti "zikomo" a nkhalamba ina m'nkhani yanga, amene sankatanthauza kuthokoza koma kukana mwaulemu. M'Chingerezi nkhalambayo inangosanduka munthu woyamikira.

Wina anandifunsanso za Caine Prize, mphoto ya nkhani zazifupi za alembi a ku Africa, poti mlembi wa kuno ku Malawi Stanley Kenani anafika m'ndime yomaliza mu 2008 ndi 2012. Imeneyo simutumiza nokha, amatumiza ndi amene anasindikiza nkhani yanu. Ndiye tiisiye kaye.

Tsopano ija inandiluma. Munali mu Novembala 2023, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti. Ndinaona chilengezo cha buku la nkhani za alembi a ku Africa, chithunzi chokongola, mawu onyengerera, tsiku lomaliza kutangotsala masiku anayi. Si dala kuti anasiya masiku ochepa chonchi? Munthu wothamanga sawerenga malamulo. Ndinalemba usiku utatu pa foni, chala chamanthu mpaka dzanzi. Usiku womaliza magetsi anazima cha m'ma 8 koloko, batire ili pa 19. Ndinakagogoda kwa aneba amene ali ndi sola, ndinakhala pa khonde pawo udzudzu ukundichita phwando, amayi a m'nyumbamo n'kunditulutsira chitenje kuti ndifunde miyendo. Mawu omaliza ndinalemba itadutsa 11.

Ndikudina potumizira, pakutuluka uthenga woti ndilipire madola 10 "owerengera nkhani". Pa chilengezo panalibe zimenezo. Munthu woganiza bwino akanatseka foni n'kukagona, koma ine ndinali nditataya kale tulo ta masiku atatu. Khadi yolipirira kunja ndilibe, ndiye ndinadzutsa msuweni wanga pakati pa usiku. Anandiyankha ndi mawu atulo: "Asuweni, mwatsimikiza kuti si akuba amenewa?" Ndinamuuza kuti za mabuku sazidziwa. Analipira, ndipo mawa lake atanditumizira ndalama yonse imene inachoka, kuphatikiza ya kubanki yosinthira, ndinakhala pansi kaye. Inali ndiwo za sabata yathunthu.

Patangotha masiku asanu kalata inabwera: nkhani yanga yasankhidwa. Ndinavina, sindikana. Ndinauza aliyense, mpaka aneba a sola aja. Pansi pa kalatayo ndi pamene panali mbedza: madola 60 okonzera nkhani, kuwonjezera apo mlembi aliyense agule mabuku asanu, mtengo wotumizira ndi wake. Nditafunsa kuti nanga mlembi amapeza chiyani buku likagulitsidwa, anandiyankha kuti ndipeza kutchuka. Nditawerenganso mgwirizano wawo modekha, zimene ndikanachita poyamba pomwe, ndinapeza kuti ndikasaina, umwini wa nkhaniyo ukhala wawo mpaka kalekale. Kenaka ndinamva kuti anzanga ena awiri amene anatumiza nawonso "anasankhidwa", mmodzi mwa iwo atatumiza nkhani imene iye mwini akuvomera kuti sanaimalize. Apo ndinazindikira kuti ogula bukulo ndi alembi omwewo. Sindinasaine, ndipo madola 10 aja anapita. Msuweni wanga mpaka lero akandiona amangoti, "Alembi otchuka, muli bwanji?"

Ndikudziwa kuti pali magazini ena oona mtima amene amalipiritsa kandalama kochepa, ndipo amanena poyera pa chiyambi penipeni. Mwina ndikuwalakwira powaika mtanga umodzi. Koma ine ndikangoona malo olembapo nambala ya khadi, ndimatseka.

Ndiye anzanga atatu aja ndawauza chonchi. Amene akungoyamba kumene, nkhani yake ya mawu ochepa ija apite nayo kunyuzipepala, ayambe wawerenga masamba angapo kuti aone utali umene amalandira, ndipo ngati ndi ya Chichewa aone masamba ngati Tikambe ndi Tamvani. Amene wakhala chaka chathunthu akusula nkhani imodzi aisunge mpaka Seputembala, aimalize Okutobala asanathe, atumize masana magetsi alipo, osati usiku wa pa 1 Novembala. Wachitatu ndiye anabwera ndi chilengezo chokongola, chotseka Lachisanu lomwe lino. Ndamutumizira chithunzi cha kalata yanga ya madola 60. Eni ake aja amandilemberabe mwezi ndi mwezi kuti nkhani yanga yatsopano yawagwira mtima, chonsecho sindinawatumizirenso ngakhale chiganizo chimodzi.