Kupimitsa mwana autism kwa katswiri wa zamaganizo ku Chipata

Autism ndi vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena. Ntchito ya katswiriyu ndi yabwino, koma makolo bwerani mutakonzeka. Magazi satenga ayi. Amayamba ndi kufunsa za mimba ndi msinkhu umene mwana anayamba kulankhula, kenako amamuonerera akusewera: kodi amaloza chinthu ndi chala, amacheuka akaitanidwa dzina? Kwa mwana wa miyezi 16 mpaka 30 pali mafunso 20 ofunsa makolo, otchedwa M-CHAT-R, amene amangosonyeza ngati pakufunika kupima mozama. Tengani khadi la kusikelo, ndi kalata ya aphunzitsi ngati ali pasukulu.

Chodandaulitsa n'chakuti mafunsowo akamamasuliridwa pakamwa kuchoka m'Chingerezi, mayankho amapotoka, makamaka ngati wabwera ndi mwana ndi agogo. Pimitsaninso makutu poyamba, chifukwa wosamva bwino nayenso sacheuka. Musachite manyazi kufunsa laisensi ya katswiriyo yochokera ku HPCZ, bungwe lopereka malaisensi kwa ogwira ntchito zaumoyo ku Zambia.