Glyphosate, MCPA kapena khasu: za udzu wa kunja kwa mpanda ku Joni

Anzathu ogwira ntchito za m'magadeni ku Randburg ndi ku Rosettenville amafunsa kawirikawiri: kamunda ka pakati pa mpanda ndi msewu tipopere chiyani?

Glyphosate, mankhwala opha udzu yemwe ambiri timangomutchula kuti Roundup, sasankha. Chilichonse chobiriwira chomwe wachikhudza chimafa mpaka kumizu. Pa botolo lolembedwa mphamvu ya 360 g/l, thirani 160 mpaka 320 ml mu sipuleya ya malita 16, malinga ndi kukhwima kwa udzu. Madzi akhale oyera, chifukwa matope amamumanga mphamvu. Amafuna maola pafupifupi 6 opanda mvula, ndiye kuyambira Okutobala mpaka Malichi, pomwe mvula ya kuno imakonda kugwa masana ndi mabingu, poperani m'mamawa mame atauma. Udzu suchita chikasu tsiku lomwelo. Dikirani sabata imodzi kapena ziwiri musanabwereze.

Chomwe chimandinyansa ndi chimene amasiya. Pamalo otsetsereka, kapinga wa kikuyu akafa dothi limatsala pamtetete, mvula n'kulikokolera mu ngalande. Ndipo glyphosate sapha njere zogona m'nthaka, choncho choyamba kumera pa dazi lija ndi chisoso ndi khakibos, chitsamba chonunkha chija. Bwana akulipiritsani kapinga watsopano, ndalama yoposa ya botolo lija kutalitali. Kamphepo pang'ono, maluwa a neba apsa.

MCPA, mankhwala ena opopera, amapha zamasamba otambalala monga chisoso, bonongwe ndi dandelion, kikuyu n'kutsala. Dawe samumva, musataye ndalama. Musatchetche masiku atatu musanapopere ndiponso mutapopera, kuti masamba amwe mankhwala. M'nyengo yozizira, Juni ndi Julaye, zomera zikagona, onse awiriwa sagwira bwino.

Sipuleya ikhale iwiri, yolembedwa: ina ya glyphosate, ina ya MCPA. Madontho a glyphosate otsalira mu paipi akwanira kujambula mizere yachikasu pa kapinga yense.

Khasu ndi laulere, koma msana ndi wanu, ndipo pakati pa njerwa za paving sililowa.

Mankhwala a m'mabotolo a zakumwa ogulitsidwa ku renki asiyeni. Mankhwala ovomerezeka amakhala ndi nambala yoyamba ndi chilembo L, pansi pa lamulo la Act 36 ya 1947.

Kwa ine, pa kapinga ndi MCPA basi, mozungulira mitengo ya khonsolo ndi khasu. Glyphosate akhale wa m'ming'alu ya paving yokha, nozulo ili pafupi ndi pansi, magolovesi ali kumanja.