Vetiva wagwira ntchito, koma mgolo wa kompositi ukudontha

Kampani yomwe inandikonzera pabwalo chaka chatha yanditumizira bilu ya chivindikiro chatsopano cha mgolo wa kompositi, n'chifukwa chake ndikulemba izi. Ndinawalemba ntchito kuti madzi a mvula ochoka pakhomo panga asamatsikire kumtsinje ndi matope komanso zinyalala. Anaika thanki yolandira madzi a padenga, dzenje lomwetsa madzi, mzere wa udzu wa vetiva kumunsi, ndi mgolowu.

Thanki ilibe vuto. Dzenje limaphwa pasanathe masiku awiri, choncho udzudzu suswana. Vetiva ndiye wandigometsa. Mizu yake imatha kulowa pansi mamita 3, ndipo kumtunda kwa mzerewo kwaunjikana dothi lomwe kale linkakokoloka.

Koma mgolo, abale! Chivindikiro chinapindika ndi dzuwa, ndiye mvula ikagwa madzi amangolowa. Kompositi wabwino amatentha mpaka madigiri 55 kapena kupitirira, koma wanga amachita chinyontho chopyola muyeso, mpweya sulowa, amazizira n'kuyamba kununkha. Chondipweteka mtima kwambiri ndi madzi akuda otuluka pansi pake. Madziwa amakhala ndi nayitrojeni ndi fosiforasi. M'dimba ndi chakudya cha mbewu, koma akafika mumtsinje amachulukitsa ndere, ndipo ndereyo ikamawola imamaliza mpweya womwe nsomba zimapuma. Tsono amisiri a kampani ija anakhazika mgolowu pasimenti, pafupi penipeni ndi ngalande. Mvula ina yamphamvu ndinadzionera ndekha madzi akudawo akuyenderera kulowa m'ngalandemo, osadutsa n'komwe pa vetiva. Chinthu chomwe ndinagula kuti chiteteze mtsinje n'chomwe chinkauipitsa.

Nditawaimbira foni anati ndimathiramo zonyowa zambiri, chonsecho ndimasakaniza ndi masamba ouma ndi makatoni monga anandilangizira iwo eni. Kenako anasintha mawu, akuti waranti, lonjezo lawo lokonza mwaulere chinthu chikawonongeka, sikhudza zowonongeka ndi dzuwa. Mgolo woti malo ake ndi panja! Ndinausuntha ndekha, pano uli padothi kumtunda kwa vetiva, wofunditsidwa lona.

Ndikaona madzi akutuluka pabwalo ali oyera, mtima umatsika ndipo ndimati ndalama zanga zinapita pabwino. Ndikayang'ana biluyi, mkwiyo umabwereranso, chifukwa mulu wamba wa kompositi wofunditsidwa bwino ukanagwira ntchito yomweyi popanda kulipira kanthu. Biluyi sindilipira. Abwere adzaone okha pomwe anaika mgolo, ndipo akabweretsa chivindikiro mwaulere ndidzawatumanso kuti awonjezere mzere wina wa vetiva.