LFP kapena NMC, batire ya inivata tigule iti?

Anzanga, chiyambire chilala cha 2024 pomwe madzi anatsika ku Kariba malaiti nkumazima tsiku lonse, aliyense mu Lusaka akufuna batire ya lithium, koma ukafika ku Kamwala amangokuuza kuti "ni lithium boss" ngati lithium yonse ndi imodzi. Ayi ndithu. Funsani zomwe zili ku cathode, mbali imene lithium imachokako mukamatchaja, chifukwa mitundu iwiriyi, LFP ndi NMC, imasiyana pamenepo.

NMC (nickel, manganese ndi cobalt) mkati mwake inayalana mizeremizere ngati khoma la njerwa, lithium ndiye matope apakati. Mukamatchaja matope aja amachoka, poyamba mizere imatalikirana pang'ono, koma mukayandikira 4.2V pa selo (kabatire kamodzi mwa timabatire ta mkati), makamaka ija ya nickel yambiri, mizere imafinyika mwadzidzidzi ndipo tinthu ta mkati timayamba kung'aluka. Lero pang'ono, mawa pang'ono, mapeto ake batire sisunganso moto ngati kale. Ikatentha kwambiri imatulutsa oxygen yake yomwe, nchifukwa chake moto wake umavuta kuzimitsa. Ya mu foni, ya cobalt ija John Goodenough ndi anzake anatulukira ku Oxford mu 1980, khalidwe ndi lomwelo, ndiye mukamva zoti foni muzilekeza pa 80% si zocheza.

LFP, imene imalembedwa LiFePO4 pa sitika, ine ndimaiona ngati ma burglar bar owotcherera ku Kalingalinga. Chitsulo ndi phosphate zinagwirana zolimba, lithium imangodutsa m'timipata, ikatuluka yonse thupi limachepa ndi pafupifupi 7% koma fulemu ili chiimire, oxygen nayo yomangika. Nchifukwa chake imapirira kutchajidwa maulendo masauzande, komanso kutentha kwa Okutobala kuno sikuiopseza ngati inzake ija, ngakhale musaiike padzuwa.

Zovuta ili nazo, sindibisa. Ndi yolemera, selo imapereka 3.2V pomwe NMC imapereka 3.6 kapena 3.7, ndiye pa kilo imasunga moto wochepa. Komanso voteji yake siisuntha kwenikweni kuyambira yodzaza mpaka kutsala pang'ono kutha, ndiye inivata imatha kusokonezeka pa maperesenti, muziidzazitsa mpaka 100% nthawi zina kuti BMS, kachipangizo koyang'anira batire mkatimo, iwerengenso bwino.

Manje kusankha: chonyamula m'chikwama, laputopu, drilu, NMC ili bwino chifukwa ndi yopepuka. Koma ya pakhoma m'nyumba momwe ana akugona, yotchajidwa ndi kutsitsidwa tsiku ndi tsiku, ine ndi LFP basi, kulemera kwake khoma ndilo linyamula. Yang'anani sitika musanalipire, 12.8V, 25.6V kapena 51.2V ndi maselo a LFP 4, 8 kapena 16. Wogulitsa akakanika kukuuzani zomwe zili mkati, pitani shopu ina.