Mbewu ya tsabola wa California Wonder: inamera bwino koma inabwera ndi matenda

Mbewu iyi ndikuipatsa nyenyezi ziwiri mwa zisanu, ngakhale kuti pa kameredwe ndilibe chodandaula. Ndinagula chitini cha mbewu ya tsabola wosawawa wa California Wonder m'sitolo ina yogulitsa zipangizo zaulimi, ndipo nditafesa panazale inamera mwachangu ndiponso mofanana. Njere zake zinali zopanda zinyalala, zopakidwa mankhwala ofiirira otchedwa thiram.

Vuto linaoneka mbande zitatsala pang'ono kuwokeredwa. Kunsi kwa masamba kunatuluka timadontho tooneka ngati tanyowa, timene pambuyo pake tinada n'kuzunguliridwa ndi chikasu, kenako masamba am'munsi anayamba kuyoyoka. Alangizi a zaulimi atabwera kudzaona anati amenewa ndi matenda a mawanga oyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Xanthomonas, amene amagwira tsabola ndi tomato, ndipo kawirikawiri amalowa m'munda kudzera m'mbewu, chifukwa amakhala pakhungu la njere, nthawi zina mkati mwake mwenimweni. Chimene chikundichititsa kuloza chala mbewuyi n'chakuti nazaleyo ndinaikonza pamalo pamene sipanalimidwepo tomato kapena tsabola, komanso bedi loyandikana nalo, limene ndinafesapo mbewu yochokera kwina, linadwala mochedwa, kuyambira mbali yoyang'anana ndi bedi lodwalalo.

Alimi ambiri tikaona mbewu yopakidwa mtundu timaganiza kuti ndi yotetezedwa ku matenda onse, chikhalirecho thiram amalimbana ndi mafangasi owoletsa mbande ndipo bakiteriyayu samukhudza. Zolembedwa pachitinipo zikunena za kameredwe, kuyera kwa mbewu ndi nambala ya gulu lake, koma palibe mawu alionse osonyeza ngati inayezedwa matendawa. Apa ndi pamene ndikuona kuti ogula tikuchitiridwa zosayenera, popeza njere zodwala zochepa chabe n'zokwanira kuwononga nazale yonse. Madzi a mukeni akamagwera pamasamba amamwaza bakiteriya kuchoka pa mbande ina kupita pa ina, makamaka kukakhala kotentha ndi kwachinyontho, ndipo ngakhale manja a munthu wopalira masamba ali onyowa amawafalitsa.

Ndinawokera zokhazo zimene zinkaoneka zathanzi, koma mvula itayamba matendawo anabukanso kudimba. Zipatso zinatuluka ndi mawanga otukuka, okhakhala ngati nkhanambo, ndipo mitengo imene inathothoka masamba zipatso zake zinapsa ndi dzuwa mbali imodzi n'kufewa. Mavenda ankasankha zosalala zokhazokha, zotsalazo n'kumanenerera mtengo wachipongwe. Mankhwala a copper oxychloride anangochedwetsa kufala kwa matenda, chifukwa mtengo umene wagwidwa kale suchira.

Nditabwerera kusitolo kuja anandilandira mwaulemu, koma anandiuza kuti salandira chitini chotsegula, ndipo sanalembe n'komwe nambala ya gulu la mbewuyo kuti akadziwitse amene anaipakira. Zimenezi zinandikhumudwitsa kuposa ndalama zimene ndinataya, poganizira kuti zitini za gulu lomwelo zinali zikadali pashelefu.

Pali njira yodziwika yochepetsera bakiteriya ameneyu, yoviika mbewu m'madzi otentha madigiri 51 kwa mphindi 30, n'kuiziziritsa m'madzi ozizira ndi kuiyanika pamthunzi. Njirayi imafuna chipangizo choyezera kutentha, chifukwa madzi akapyola muyezo njere zimafa, ndiponso siyenera kuchitidwa pa mbewu yopakidwa kale mankhwala, kutanthauza kuti wogula chitini ngati chimenechi alibe podzitetezera. Pakadali pano gawo limenelo la dimba sindingabzalemo tsabola kapena tomato kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mbewu ya kampaniyi sindidzaigulanso mpaka atayamba kulemba pachitini kuti inayezedwa matenda a bakiteriya.